Dzuwa, mitsinje ndi zilankhulo zobisika m'mayina a malo ku China ndi Japan

Dzina la mzinda wa Luoyang ku China limakuuzani kumene mzindawo uli: kumpoto kwa mtsinje wa Luo. Nkhani yonse yagona pa chilembo chomaliza, yang, chomwe chimanena mbali yowombedwa ndi dzuwa. Chinzake ndi yin, mbali ya mthunzi.

Gawo lalikulu la China lili kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kotero dzuwa limadutsa chakummwera chaka chonse. Mbali ya kummwera ya phiri imafunda, ya kumpoto n'kumakhala mumthunzi. Pamtsinje zimatembenuka, chifukwa tsidya la kumpoto ndi limene limapenyana ndi dzuwa. N'chifukwa chake Hengyang ali kummwera kwa phiri la Heng, Huayin kumpoto kwa phiri la Hua, ndipo Jiangyin ali tsidya la kummwera kwa mtsinje wa Yangtze. Dzina limene limandisangalatsa kwambiri ndi Xianyang, likulu la mfumu Qin Shi Huang yomwe inagwirizanitsa China mu 221 BC. Mzindawu uli kummwera kwa mapiri komanso kumpoto kwa mtsinje wa Wei, ndiye anautcha "yang konsekonse". Kachitidwe aka kanafika mpaka ku Korea, komwe Seoul kale ankatchedwa Hanyang poti ali kumpoto kwa mtsinje wa Han.

Mayina ena ndi osavuta. Hebei ndi Henan ndi kumpoto ndi kummwera kwa mtsinje wa Yellow River. Beijing ndi likulu la kumpoto, Nanjing la kummwera, ndipo Tokyo wa ku Japan, yemwe anasiya dzina la Edo mu 1868, ndi likulu la kummawa. Chilembo cha "likulu" ndi chimodzimodzi, katchulidwe kokha ndi kamene kamasiyana.

Komatu zilembozi zimathanso kusocheretsa. Pomwe panali anthu a chilankhulo china, alembi ankasankha chilembo chifukwa cha kamvekedwe kake, tanthauzo osalilabadira. M'chigawo cha Guangxi midzi yambirimbiri mayina ake amayamba ndi Na. Wowerenga Chitchaina sangatolepo kanthu, koma m'chilankhulo cha anthu a mtundu wa Zhuang mawuwa ndi munda wa mpunga. Akatswiri akaika mayinawa pamapu amaona madera amene anthu a zilankhulo za mtundu umenewu akhala akulima kuyambira kalekale.

Ku Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwa Japan, nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Mayina ngati Noboribetsu ndi Wakkanai amalembedwa m'zilembo zochokera ku China, koma eni ake ndi a mtundu wa Ainu, omwe mtsinje amautcha pet kapena nay. Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika chilankhulo cha Ainu m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Lero olankhula bwino chilankhulochi ndi owerengeka, pomwe mayina a mitsinje yawo ali ponseponse pazikwangwani za m'misewu ndi pamasiteshoni a sitima.