Dzino Likachoka, Kodi Lina Lingabzalidwe?

M'sewero lija munali mayi wina amene ankadziphimba pakamwa ndi chitenje akamaseka, chifukwa mano ake awiri akutsogolo anazulidwa. Pokambirana sewerolo panabuka funso lakuti: kodi n'zoona kuti masiku ano madokotala amabzala dzino lina pamene pachoka dzino? Inde amayi, n'zoona. Koma musanayambe kusunga ndalama, mvetsani kaye mmene zimachitikira, pakuti njirayi siyenera munthu aliyense.

Dzino lili ngati chinangwa: mbali yaikulu ili pansi. Muzu wake umalowa m'fupa la nsagwada, ndipo fupalo limakhala lolimba chifukwa muzu umaligwiritsa ntchito mukamatafuna. Dzino likazulidwa, fupa la pamalopo limayamba kuchepa, makamaka m'miyezi 6 yoyambirira. Mano oyandikana nawo amapendekekera pampatapo. Pakapita nthawi mumayamba kutafunira mbali imodzi, kenaka mumasiya nyama, mtedza ndi chimanga chootcha n'kumangodalira zofewa. Kwa mayi woyamwitsa limeneli si vuto la maonekedwe okha.

Kodi amabzala bwanji?

Madokotala a mano amaitcha njirayi kuti implant. Chimene amabzala si dzino lenileni, koma muzu wochita kupanga. Ndi kachitsulo kokhala ngati sikuluwu, kopangidwa ndi chitsulo chotchedwa titanium. Poyamba amakujambulani kuti aone ngati fupa lilipo lokwanira. Kenaka amakubayani jakisoni wochititsa dzanzi, amatsegula nkhama, amaboola kabowo m'fupa n'kulowetsamo kachitsuloko. Akatero mumapita kunyumba kukadikira, kawirikawiri miyezi 3 mpaka 6, kuti fupa limere mozungulira kachitsuloko ndi kukagwira zolimba. Kakagwira, amamangirirapo dzino lopangidwa molingana ndi mano anu ena. Dzino limeneli simulivula usiku, ndipo mumatafunira ngati lanu lomwe.

Zoti fupa lingagwirane ndi chitsulo zinadziwika mwangozi. M'chaka cha 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika kachipangizo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu pofuna kuona mmene magazi amayendera. Pofuna kukachotsa, anapeza kuti kakanirira m'fupamo. Mu 1965 anaika mano oterewa mwa munthu woyamba, ndipo munthuyo anakhala nawo zaka 40 mpaka imfa yake.

Ndani ayenera kudikira?

Mwaona kuti zonse zikudalira fupa ndi nkhama zanu. Mbewu yabwino siimera panthaka yoguga. Ngati nkhama zimatuluka magazi mukamatsuka mano, kapena mano ena akugwedezeka, vuto limenelo liyambe lachizidwa. Kupanda kutero, matenda omwe anachotsa dzino loyamba adzadyanso fupa lozungulira kachitsuloko. Munthu wa matenda a shuga ayambe waonetsetsa kuti shuga wake watsika bwino, pakuti chilonda chake chimachedwa kupola. Fodya, wosuta ngakhale woika m'kamwa, amalepheretsanso kupola. Ndipo amene wakhala ndi mpata zaka zambiri akhoza kuuzidwa kuti fupa lachepa, motero ayambe aonjezerapo fupa. Izi zimachulukitsa miyezi ndi ndalama.

Ngati muli oyembekezera, dikirani mpaka mutachira. Kubzala dzino si kwachangu. Koma musasokoneze zinthu ziwiri: dzino lopweteka kapena lotupa lisadikire. Kumata kapena kuzula dzino kumatheka muli ndi pakati, bola muwauze adokotala kuti muli ndi miyezi ingati.

Pano ndinenepo za mawu amene timawamva kusikelo, akuti mwana aliyense amatenga dzino limodzi la mayi ake. Mwana wa m'mimba sayamwa kanthu m'mano mwanu. Chimene chimachitika n'chakuti nthawi ya pakati nkhama zimatupa msanga, masanzi amadya khungu lolimba la mano, ndipo amayi ambiri amasiya kutsuka mano akaona magazi pamswachi. Musasiye. Mukasanza, chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo mudikire kanthawi musanatsuke ndi mswachi.

Dzino lobzala silibooka ngati mano ena, koma nkhama yolizungulira imadwala ngati simukutsuka. Liyenera kutsukidwa kawiri patsiku, m'mawa ndi pokagona, komanso kukaonetsa kwa adokotala nthawi ndi nthawi. Mukaona mafinya, fungo kapena kugwedezeka, pitani msanga.

Nanga ndalama?

Tisabisane, njirayi ndi yodula kwambiri, ndipo imapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda. Mumalipiranso maulendo angapo. Musanavomere, funsani mtengo wa ntchito yonse mpaka dzino litaikidwa, osati wa kachitsulo kokha. Kwa mabanja ambiri, mano ovala ndi kuvula ndiwo otheka. Amatseka mpata, amathandiza kutafuna ndi kulankhula, ngakhale kuti saletsa fupa kuchepa. Palinso njira yomangirira dzino lopanga ku mano awiri oyandikana ndi mpatawo, koma pamafunika kupala manowo, ngakhale ali abwinobwino. Ine ndikuona kuti mayi amene wavala mano ovula n'kumadya bwino wachita bwino kuposa amene akudikira zaka kuti ndalama za implant zikwane.

Ana sabzalidwa mano mpaka nsagwada itasiya kukula, cha m'ma zaka 18 kapena kupitirirapo. Tsono mwana wanu akagwa n'kuguluka dzino lachikulire, musalitaye. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono osalikwecha, libwezereni pamalo pake, ndipo mwanayo alume kansalu koyera. Mukalephera, liikeni m'kapu ya mkaka n'kuthamangira nalo kuchipatala ola limodzi lisanathe. Koma dzino laubwana musalibwezere, chifukwa lingaononge dzino lachikulire limene likubwera pansi pake.