Gasi wa AC satha ngati petulo

Okutobala akafika, dzuwa likamawotcha mu Kabwe, magalimoto amachuluka pagalaja yanga ku Nakoli, ndipo pempho limakhala limodzi: "Amakaniko, tithirireni gasi, AC yasiya kuzizira." Ine sindiyamba ndi kuthira. Gasi wa AC satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka mu kompuresa kupita ku kondensa, n'kulowa kuseri kwa dashibodi komwe amayamwa kutentha, n'kubwereranso. Akachepa ndiye kuti pali pomwe akutulukira, ndipo mukangothira wina, ndalama zanu zitulukira pabowo lomwelo pakangopita masabata ochepa.

Pali zambiri zomwe mwini galimoto angaone yekha asanalipire aliyense. Lizani injini, yatsani AC, mutsegule boneti. Kompuresa ikagwira mumamva kuti "tha", ndipo pakati pa gudumu lake pamayamba kuzungulira. Ikakhala chete, yang'anani fyuzi, relay ndi lamba. Dziwaninso kuti gasi akachepa kwambiri, galimoto imaletsa yokha kompuresa kuti isapse, choncho musafulumire kugula ina. Zimandiwawa kuona munthu atagulitsidwa kompuresa pomwe chofa chinali fyuzi.

Vuto lomwe ndimakumana nalo kwambiri kuno ndi fumbi. Kondensa imakhala kutsogolo kwa redieta, ndipo misewu yathu ya m'makomboni imaidzaza dothi, udzu ndi tizilombo. Mpweya ukalephera kudutsa, gasi sazizira. Chizindikiro chake n'chosavuta: AC imazizira mukamathamanga pa Great North Road kulowera ku Kapiri Mposhi, koma mukaima m'tauni imatulutsa mpweya wofunda. Pamenepo tsukani kondensa ndi madzi osathamanga kwambiri, muonenso ngati fani ikuzungulira.

Sefa ya mpweya wa m'kati, yomwe pa ma Toyota ambiri monga Corolla ndi Allion ili kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi, anthu amaiiwala zaka ndi zaka. Ikatsekeka, mpweya umatuluka wochepa ngakhale gasi ali wokwanira. Ku Kabwe sefa imeneyi ndimaitenga ngati nkhani ya thanzi. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la kumadera oyandikana nawo monga Kasanda ndi Makululu lidakali ndi mtovu, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana. Ngati mumanyamula ana a sukulu, sefayi isintheni msanga, musamangoikuntha.

Zikaoneka kuti gasi akutulukadi, timafufuza pomwe pali mafuta omata fumbi, chifukwa gasi amatuluka pamodzi ndi mafuta a kompuresa. Kawirikawiri amakhala timphira ta m'malumikiziro kapena kondensa yobooledwa ndi mwala. Tikakonza, timakoka mpweya ndi chinyontho chonse ndi pampu ya vakyumu, kenako timathira gasi woyeza pa sikelo, molingana ndi magalamu olembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti. Kupitiriza muyeso kumalemetsa kompuresa ndipo kuzizira kumachepa.

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan omwe amalowera pa Nakonde amagwiritsa ntchito R134a, pomwe ena atsopano amafuna R1234yf. Awiriwa sasakanizidwa. Ndipo wina akakuuzani kuti akuthirirani gasi wophikira kapena wa mafiriji wa R600a chifukwa ndi wotchipa, kanani. Gasi ameneyo amayaka, ndipo mapaipi a AC amadutsa pafupi ndi mawondo a amene mwawanyamula.