Intaneti ilipo, koma mawebusaiti akukana kutseguka

Pa Mande lapitali ndinali pa mpando wakumbuyo m'basi yocokela ku Matero, cigongono ca mnzanga cili m'nthiti, pamene foni inalila. Anali mulamu wanga wa kashopu ka makompyuta asanu ndi pulinta ku Kamwala.

"Mulamu, bwelani mwamsanga. Netiweki yafa, bantu bayamba kucoka!"

Ndinatsikila m'tauni n'kuyenda wapansi. Nditafika ca m'ma 14:30, ndinapeza mipando ili pululu. Panatsala amai amodzi ndi mwana wao wamkazi, envulopu ya masatifiketi ili pamiyendo. Mtsikanayo anafunika kutumiza kalata yofunsila nchito pa webusaiti isanakwane 17:00. Amaiwo anali atalipila kale ndalama yojambulitsa mapepala, ndipo m'citenje munatsala ya basi cabe.

Mulamu anali atazima ndi kuyatsa rauta kanayi. Anali atakalipilanso kale kampani ya intaneti pa foni. Koma tumagetsi tonse pa rauta tunali tobiliwila, ndipo bandulo inali yodzala.

Ndinatsegula Command Prompt pa kompyuta imodzi n'kulemba kuti ping 8.8.8.8. Mayankho anabwela motsatizana. Ndinalembanso ping google.com. Kompyuta inati dzinalo siikulipeza. Pamenepo ndinadziwa kuti msewu uli bwino, amene wasowa ndi wotilozela basi.

Inu okwela mabasi mumva msanga. Mukafika pa Kulima Tower simuloweza nambala ya basi iliyonse. Mumangochula dzina la komboni, ngwangwazi n'kukulozelani kuti "iyo apo, yatsala bantu babili." Pa intaneti napo n'cimodzimodzi. Ife timadziwa maina, koma makompyuta amayendela manambala ochedwa IP address. Amene amasandutsa dzina kukhala nambala ndi DNS, njila imene Paul Mockapetris anakonza mu 1983. DNS ikakhala cete, mabasi onse angakhale pa siteshoni, injini zikulila, koma inu simudziwa yokwela.

Funso linali lakuti, makompyuta a m'shopu amafunsa ndani? Ndinalemba nslookup google.com. Inaonetsa kuti akufunsa firewall, kabokosi kamene mulamu anaika pakati pa rauta ndi makompyuta. Firewall ili ngati mlonda wa pa geti: imasankha zolowa ndi zotuluka. Apa inalinso kulandila mafunso a maina n'kuwapeleka kwina. Koma yankho silinali kubwela.

"Mwasintha ciani masiku ano?" ndinafunsa.

"Palibe. Ah, kucotsako cabe pa Ciwelu tinasintha kampani ya intaneti."

Ndiye pamene panagona nkhani. Nditalowa m'masetingi a firewall, ndinapeza manambala a DNS a kampani yakale akali momwemo. Makampani ambili amayankha makasitomala ao okha. Tinali ngati munthu amene wasamukila ku Chawama koma akali kufunsa kondakitala wa ku Chelstone.

Ndinayesa cidule. Pa kompyuta imodzi ndinaika 8.8.8.8, DNS ya Google imene aliyense angagwilitse nchito kucokela mu 2009. Sizinathandize. Nthawi inali 15:20, ndipo amai aja anali kungoyang'ana wochi ya pakhoma.

"Manje si muzime cabe firewall yonse?" anatelo mulamu.

Ndinakana. M'shopu yotele anthu amalemba mapasiwedi, amasunga zithunzi za NRC ndi mapepala a ku banki. Sungacotse mlonda pa geti cifukwa cakuti wakaniza mlendo mmodzi. Umaona m'buku lake kuti analembamo ciani.

M'buku la firewall, pa mndandanda wa malamulo, ndinapeza cacikulu. Mafunso a DNS amadutsa pa khomo lochedwa port 53. Amene anaika bokosilo analemba lamulo lakuti khomo limeneli lizitsegukila manambala a kampani yakale okha. Lamulo labwino ndithu, cifukwa limaletsa mavailasi kutumiza makasitomala kwa olozela abodza. Koma tsopano linali kutsekeleza aliyense, ngakhale 8.8.8.8 yanga ija.

Coyamba ndinajambula sikilini ndi foni, kuti ndikalakwitsa ndibweze zonse mmene zinalili. Kenaka pa malo a DNS ndinaika 8.8.8.8, ndipo waciwili 1.1.1.1 wa Cloudflare, amene anayamba mu 2018, kuti wina akagona mnzake ayankhe. Ndinakonza lamulo lija kuti port 53 itsegukile awiliwa, pa UDP ndi pa TCP pomwe. Ambili amaiwala TCP, koma mayankho aakulu amadutsila kumeneko. Pomaliza, pa kompyuta iliyonse ndinalemba ipconfig /flushdns kuti iiwale zimene inasunga pa nthawi ya cisokonezo.

Tsamba linatseguka. Mtsikana uja anakhala pansi, manja akunjenjemela, n'kuyamba kulowetsa masatifiketi ake. Pa 16:10 uthenga unabwela wakuti kalata yalandilidwa. Amai ake anangoti, "Zikomo mwana wanga," n'kumanganso citenje.

Tsono inu amene mukuwelenga izi muli pa jamu ya mu Lumumba Road, sungani ici. Mawebusaiti akakana, musathamangile kugula bandulo ina kapena rauta yatsopano. Yesani nambala, kenaka yesani dzina. Zonse zikakana, vuto lingakhale pa waya, pa rauta kapena ku kampani. Nambala ikayankha koma dzina n'kukana, yang'anani DNS, ndipo dzifunseni cimene mwasintha posacedwa. Ngakhale pa foni zimacitika: kuyambila pa Android 9 muli setingi ya Private DNS, ndipo ngati wina analembamo zolakwika, foni imaonetsa netiweki yodzala koma masamba osatseguka. Ibwezeni pa Automatic muone.

Mulamu anandilipila ya basi ndi botolo la maheu. Ndisanacoke ndinamata kapepala pa firewall: "Mukasintha kampani, sinthaninso DNS." Iye anaseka, ati sangaiwale. Ndinawonjezela selotepi ina pamwamba.