Uthenga Wotuluka Pakhomo Sunafike

Mlimi wa kachewere ku Kasina, m'boma la Dedza, akafuna galimoto yodzanyamula matumba ake, amangolembera wogula wa ku Lilongwe pa WhatsApp. Mawu akewo amatulukira pa kakhomo kosaoneka ndi maso kotchedwa soketi. Njira imeneyi anaitulutsa ndi akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley m'chaka cha 1983.

Pulogalamu ya m'foni imatsegula soketi, kutchula adiresi ya kompyuta yolandira ndi nambala ya khomo lake, kenaka nkupereka mawuwo. Ndondomeko yotchedwa TCP imawaduladula m'tizidutswa ta manambala, ndipo kachidutswa kakatayika panjira imakatumizanso.

Komatu soketi ikalandira mawu, sindiye kuti afika kwa mwini wake. Nchifukwa chake kachizindikiro kochonga kamodzi pa WhatsApp kamangotanthauza kuti uthenga wafika pa makina a kampani. Tikakhala tiwiri, wafika pa foni ya wogulayo.

Mlimi amene akumba kachewere nkumuunjika pamsewu atangoona kamodzi, pamene foni ya mnzakeyo ili yozima, angathe kumuonerera akuwola ndi mvula. Khasu lidikire kaye yankho la wogula.