Kudandaula za nkhanza zochitira okalamba ndi akuluakulu osamalidwa ndi ena

Kudandaula za nkhanza zochitira akuluakulu osamalidwa ndi ena ndi njira yodziwitsira mafumu, apolisi, maofesi a boma kapena khoti kuti munthu wamkulu amene sangathe kudziteteza akuzunzidwa. Anthu otere ndi monga okalamba, aulumali, odwala matenda a maganizo ndi odwala nthawi yaitali. Maiko ena ali ndi ofesi ya boma yoyang'anira amene apatsidwa udindo wosamalira anthu otere, monga Office of the Public Guardian ya ku England ndi Wales yomwe idayamba ntchito mu 2007. M'Malawi ambiri mwa iwo amasamalidwa ndi abale awo, makamaka m'madera akumudzi monga kwa Mfumu Yaikulu Kabudula, kuzambwe kwa boma la Lilongwe.

Chifukwa chake nkhanzazi zimabisika

Pa chikhalidwe cha Achewa a kwa Kabudula, Nsaru ndi Namitete, agogo amasungidwa ndi ana awo, adzukulu kapena ana a alongo awo, ndipo mwini mbumba ndiye amayang'anira nkhani za pamtundu. Wochita nkhanza nthawi zambiri amakhala mmodzi mwa abale omwewa. Iye ndiye amaphika, kutunga madzi ndi kuperekeza wodwala ku chipatala, choncho wozunzidwayo amaopa kuti akaulula asowa womusamala. Ena sangathe kuyenda mtunda wautali, ndipo ena sakhulupiriridwa chifukwa cha kuiwalaiwala kwa ukalamba. N'chifukwa chake madandaulo ambiri amayamba ndi munthu wapadera: woyandikana naye nyumba, mkulu wa mpingo kapena wa msikiti, mlangizi wa zaumoyo, kapena mbale wina.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo amachitiridwa nkhanza pa chaka.

Mitundu ya nkhanza

Nkhanza zodziwika ndi kumenya, kugwirira, kutukwana, kutsekera m'nyumba, kumana chakudya kapena mankhwala, ndi kulanda munda, ziweto kapena nyumba. Palinso kudya ndalama za Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006. Wokalamba amene sangathe kuyenda amaloledwa kusankha womulandirira, ndipo apa ndi pamene ndalama zina zimasowera.

Nkhanza yoopsa kwambiri ndi kunamizira ufiti. Mu Januwale 2016, okalamba anayi adaphedwa m'mudzi wa Chimbalanga, kwa Mfumu Yaikulu Dambe ku Neno, atawaganizira kuti adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wina. Bungwe la MANEPO, lomwe ndi mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, lakhala likudzudzula mchitidwewu.

Malamulo

Lamulo la Older Persons Act la 2024 limateteza ufulu wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndipo limaletsa kuwazunza. Chaka chomwecho padabwera Persons with Disabilities Act, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula wankhanza kuti asiye, ngakhale kumuchotsa panyumba. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira kwa oyenera kumulandira ndi mlandu. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wopalamula akhoza kukhala kundende zaka 5.

Kokadandaula

Nyakwawa, gulupu ndi Mfumu Yaikulu amaweruza mikangano ya malire a minda ndi kusamvana pakati pa abale. Milandu ya kuvulaza, kugwirira, kutentha nyumba kapena kupha si yokambirana pabwalo la mfumu. Imeneyi ndi ya apolisi ndi khoti, ngakhale abale atagwirizana zoti ithere pamudzi.

Apolisi ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, ndipo m'midzi muli makomiti achitetezo cham'mudzi amene amalumikiza anthu ndi polisi, monga ya pa Nsaru kapena ya pa Namitete. Wovulala amapatsidwa kalata yopita nayo ku chipatala, monga cha Kabudula, kuti dokotala alembe zimene wapeza. Lipoti limeneli ndi umboni m'khoti. Ngati moyo uli pachiswe, thandizo la chipatala ndilo loyamba. Pa chipatala chachikulu cha Kamuzu mumzinda wa Lilongwe pali malo a Chikwanekwane, pomwe achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi ogwiriridwa ndi ozunzidwa.

Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma la Lilongwe imalandira nkhani za kunyanyalidwa kwa okalamba ndi aulumali, komanso madandaulo a Mtukula Pakhomo, omwe amayambira ku komiti ya m'dera. Nkhani za chuma chamasiye zimapita kwa bwanamkubwa kapena ku ofesi ya Administrator General. Osakwanitsa kulipira loya amathandizidwa ndi Legal Aid Bureau. Pa lamya, nambala ya 5600 ndi yaulere ndipo imalandira nkhani za nkhanza.

Ofesi ikalephera ntchito yake

Dandaulo likakhala lokhudza ofesi ya boma yomwe yanyozera kapena kuchedwetsa nkhani, limapita kwa Ombudsman. Lokhudza khalidwe la wapolisi limapita ku Independent Complaints Commission, yomwe idakhazikitsidwa potsatira lamulo la apolisi la 2010. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limafufuza kuphwanyidwa kwa ufulu wachibadwidwe kwa mtundu uliwonse. Kudandaula ku mabungwe atatuwa n'kosalipira.

Zofunika podandaula

Wodandaula amafotokoza dzina ndi mudzi wa wozunzidwa, gulupu wake, tsiku ndi malo a zochitikazo, amene akumuganizira, ndi mboni ngati zilipo. Buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi khadi la Mtukula Pakhomo zimathandiza pa kafukufuku. Wozunzidwa amene angathe kuyankhula amayenera kufunsidwa payekha, womusamalayo palibe, ndipo maganizo ake amalemekezedwa. Nkhani ikafika kwa akuluakulu, funso lina limene amaliona ndi la komwe munthuyo akakhale ndi amene adzamusamale mlandu uli mkati, popeza wankhanzayo akamangidwa pakhomo pamatha kusowa wophika.

Pa 15 Juni chaka chilichonse, maiko amakumbukira tsiku lodziwitsa anthu za nkhanza zochitira okalamba, lomwe bungwe la United Nations lidalivomereza mu 2011.