Makina Ochekera Mitengo: Ngozi Imayambira Pogula Tcheni

M'boma la Kasungu ulimi wa fodya umadalira mitengo. Fodya wa kampopi amafuna nkhuni zambiri zosonkhera m'mabani, ndipo wa bale amafuna nsichi ndi phaso zomangira zigafa. Kale ntchito yodula mitengoyi inali ya nkhwangwa ndi sowo yokokerana anthu awiri, koma masiku ano m'maesiteti ndi m'minda ya bulugamu mumamveka kulira kwa makina a petulo okhala ndi tcheni cha mano. Makinawa si atsopano padziko lapansi: Andreas Stihl wa ku Germany anapanga oyendera magetsi m'chaka cha 1926 ndi oyendera petulo m'chaka cha 1929. Amapepuza ntchito, koma chilonda chake si chilonda cha nkhwangwa ayi.

Ngozi yaikulu ya makinawa ndiyo kunjanja, kumene pa Chingerezi amati kickback. Tcheni chimazungulira pa chitsulo chachitali chokhala ndi ngalande m'mphepete mwake, ndipo chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Chikafika kunsonga chimakhota. Ngati mbali yapamwamba ya nsongayo ikhudza chikuni, nthambi kapena mwala, dzino limakodwa m'malo modula, ndipo mphamvu yonse ya injini imaponya chitsulo m'mwamba ndi m'mbuyo, kulunjika kwa mwini wake. Izi zimachitika msanga kuposa kuphethira kwa diso, kotero kuti ngakhale munthu wanyonga sangathe kuzemba. Malo amene amavulala kawirikawiri ndi nkhope, khosi, phewa ndi dzanja lamanzere.

Pa ntchito ya fodya, malo oopsa kwambiri ndi pa mulu wa nkhuni. Wocheka amayang'ana chipika chimene akudula, osaona kuti nsonga yapyola nkukagunda chipika china kumbuyo. Mitengo ya m'nkhalango zathu monga tsamba ndi mombo ndi yolimba, makamaka ikauma, ndipo dzino likakodwa pamenepo silipulumuka.

Anthu ambiri amaganiza kuti tcheni ndi tcheni basi, malinga chikwane kutalika kwake. Maganizo amenewa ndi olakwika. Tcheni chiyenera kugwirizana ndi chitsulo chake ndiponso ndi giya ya injini pa miyeso itatu, ndipo miyesoyi imadindidwa pa chitsulo, chakumapeto kumene chimamangidwira ku injini.

Muyeso woyamba ndi kutalikirana kwa mfundo za tcheni, umene amisiri amautcha pitch. Amaupeza poyesa mtunda wa pakati pa misomali itatu yotsatizana ndi kuugawa pawiri. Umalembedwa m'mainchi: 1/4, .325, 3/8 kapena .404. Tcheni cha .325 pa giya ya 3/8 chimakwera pamwamba pa mano a giya, chimadya giyayo, ndipo chingathe kuduka chikuthamanga. Dziwani kuti 3/8 ilipo mitundu iwiri, ya makina aang'ono ndi ya makina aakulu, ndipo siisinthanitsidwa.

Muyeso wachiwiri, gauge, ndiwo umasokoneza ogula ambiri. Uwu ndi kuchindikala kwa timiyendo ta tcheni timene timayenda m'ngalande ya chitsulo: mamilimita 1.1, 1.3, 1.5 kapena 1.6. Mwachitsanzo, chitsulo cha masentimita 50 cha Stihl ndi china cha Husqvarna chotalika chimodzimodzi zingathe kukhala zonse za 3/8, zonse za timiyendo 72, koma china cha 1.6 ndi chinzake cha 1.5. Diso silingaone kusiyana kumeneku pa kauntala ya sitolo. Tcheni chopyapyala chimalowa bwinobwino m'ngalande yotakata, mwini nkumati wapeza chokwana, koma podula chimagwedera ndi kupendekeka. Chikatero chimadula mokhota, mtengo umapana chitsulo, ndipo wocheka amayamba kukankha ndi kutukula makina, nsonga nkumagunda ponseponse. Chitsulo chakale chimene ngalande yake yakula chifukwa chakutha chimachita zomwezo ngakhale pa tcheni choyenera.

Muyeso wachitatu ndi chiwerengero cha timiyendo tija. Tikachuluka, tcheni sichikungika ndipo chimavuka. Njira yosavuta ndiyo kulemba manambala atatuwa papepala, kapena kunyamula chitsulo chenichenicho popita kukagula. Wogulitsa amene anena kuti "chimenechi chimakwana paliponse" asamveredwe.

Kutalika kwa chitsulo nakonso nkofunika. Pali chizolowezi choika chitsulo chachitali pa injini yaing'ono pofuna kugwetsa mitengo ikuluikulu. Injini imalemedwa, ndipo nsonga imakhala kutali ndi maso. Bulugamu wa nkhuni za m'bani safuna chitsulo chachitali. Chachifupi chimene buku la makinawo likuloleza ndicho chabwino. Pakati pa zitsulo ziwiri zofanana, chosankha ndi chokhala ndi nsonga yowonda, pakuti malo onjanjitsa amakhala ochepa.

Alipo matcheni opangidwa mwapadera kuti achepetse kunjanja. Kutsogolo kwa dzino lililonse amakhala ndi kachitsulo kotsetsereka kamene kamaletsa dzino kuluma mozama likamakhota kunsonga. Muyeso wa matcheni otere unakhazikitsidwa ku America m'chaka cha 1985. Makampani monga Stihl ndi Oregon amaika chizindikiro chobiriwira pa bokosi la tcheni chotere, ndi chachikasu pa matcheni aukali oyenera akatswiri okha. Mnyamata wolembedwa ganyu pa esiteti, amene waphunzira ntchito pongoonera anzake, ayenera kupatsidwa chobiriwira. Chimadula pang'onopang'ono poyerekeza ndi chachikasu, koma kusiyanako sikungafanane ndi mtengo wa diso.

Komabe tcheni chabwino chingathe kusanduka choopsa ndi tupa. Patsogolo pa dzino pali kanyanga kamene kamalamulira kuzama kwa kuluma, ndipo pa matcheni ambiri kayenera kutsika ndi mamilimita 0.65 okha pansi pa dzino. Ocheka olipidwa potengera kuchuluka kwa nkhuni amakonda kupala tinyanga timeneti kuti tcheni chidye msanga. Mchitidwe umenewu ndi woipa koposa yonse, chifukwa umachotsa chitetezo chimene mwini makina analipira ndalama pogula. Chofunika kunola ndi dzino. Tcheni chakuthwa chimatulutsa tizipalapala, chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa.

Chotchinga chimene chili patsogolo pa dzanja lamanzere ndi buleki ya tcheni. Kampani ya Husqvarna inatulutsa buleki yodzigwira yokha m'chaka cha 1973. Makina othyoka buleki, kapena omangidwa buleki ndi waya, sayenera kulizidwa. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limapereka kwa olemba ntchito udindo wosamala antchito awo, choncho mwini esiteti ndi kapitawo sangakane mlandu pa nkhani ya zipangizo. Wocheka naye agwire ndi manja onse awiri, chala chachikulu chamanzere chitazungulira chogwirira, aime chakumbali kwa mzere wa chitsulo, ndipo asadule pamwamba pa mapewa.

Ngozi ikachitika, makina azimitsidwe poyamba. Chilonda cha tcheni chimakhala chong'ambikang'ambika, chodzaza ndi utuchi ndi oyilo. Chipsinjidwe mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Magazi akapyola, nsalu ina iikidwe pamwamba osachotsa yoyambayo. Dothi, ndowe, fodya, petulo kapena oyilo zisathiridwe pachilonda, pakuti dothi ndi ndowe zimakhala ndi tizilombo ta kafumbata. Wovulala asapatsidwe chakudya kapena mowa, chifukwa mwina adzafunika opaleshoni. Atengedwe msanga ku chipatala chapafupi, kumene angamtumize ku chipatala cha boma cha Kasungu, kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ngati fupa kapena mitsempha yaduka. Ngakhale chilonda chioneke chaching'ono, apite tsiku lomwelo kuti akatsukidwe ndi kulandira katemera wa kafumbata.