Kusandutsa thalauza kukhala belibotomu, luso lomwe kale linali mlandu

Abambo omwe akufuna thalauza yotambalala kumapazi, yomwe imadziwika kuti belibotomu, angathe kuikonza pakhomo kuchokera ku thalauza wamba ngakhale ya pakaunjika. Chinsinsi cha ntchitoyi chagona pa muyezo, ndipo muyezo womwewo ndi umene kale unkachititsa munthu kupezeka wolakwira lamulo m'dziko muno.

Belibotomu inayamba ndi asilikali a pamadzi a dziko la America kumayambiriro a zaka za m'ma 1800. Inatchuka pakati pa achinyamata a ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pomwe ambiri ankangong'amba msoko wa jinzi zawo n'kusokererapo nsalu ina.

Kuno ku Malawi boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinaulandire mchitidwewu. Lamulo la kavalidwe la Decency in Dress Act la mu 1973, lomwe linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, linadzaletsanso belibotomu. Lamuloli linkati thalauza ndi belibotomu ngati kuzungulira kwa mwendo kumapazi kwaposa kuzungulira kwa malo opapatiza kwambiri a mwendowo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Izi zikutanthauza kuti thalauza ya masentimita 40 pabondo sinkayenera kupyola masentimita 48 kumapazi. Nyumba ya Malamulo inathetsa lamuloli mu 1993, chaka chomwe Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June.

Lero muyezo umenewu ungathandize wosoka kudziwa pomwe kutambalala kumayambira kuoneka. Zofunika pa ntchitoyi ndi tepi yoyezera, choko, sizasi, mapini, ulusi wolimba, simbi, makina osokera kapena singano, komanso nsalu yowonjezera. Nsaluyo ikhale yolemera mofanana ndi ya thalauzayo, chifukwa yopepuka imakwinyika ndipo mwendo sugwa bwino. Ngati ili yatsopano ichapidwe kaye, poti nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba.

Mwini thalauza aivale ataimirira, ndipo paikidwe chizindikiro cha choko pa msoko wakunja, pabondo kapena m'munsi mwake pang'ono. Kenako mpendero wa kumapazi umasulidwe wonse, ndipo msoko wakunja umasulidwe kuchoka pansi kufika pa chizindikirocho. Pa jinzi zambiri msoko wakunja ndiwo wosavuta kumasula, pomwe wam'kati umakhala wopindidwa ndi wosokedwa kawiri. Thalauzayo isadulidwe ndi sizasi, chifukwa msoko womasula ungabwezeretsedwe koma nsalu yodula sibwerera.

Pamalo potsekukapo pamalowa nsalu ya ngodya zitatu, nsonga yake italoza kubondo. Mwachitsanzo, ngati mwendo uli masentimita 42 kumapazi ndipo mwini wake akufuna 56, nsaluyo ikhale masentimita 14 m'lifupi kumunsi kwake, kuphatikizapo sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse ya msoko, zonse pamodzi 17. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kuyeza utali wa nsaluyo pakati. Zoyenera kufanana ndi msoko womasulidwa uja ndi mbali ziwiri zopendekera, ndipo kumunsi kudulidwe mokhota pang'ono kuti mpendero udzakhale wolingana kuzungulira mwendo wonse. Zidutswa za miyendo iwiri zidulidwe pamodzi, motsata utali wa nsalu, kuti zisasiyane.

Thalauza itembenuzidwe kunja kukhale m'kati, chidutswa chigwiridwe ndi mapini, ndipo kusoka kuyambire pansonga kutsika pansi, mbali imodzi kenako inayo. Pansonga pasokedwe mobwereza kangapo, popeza ndi pomwe pamakokeka munthu akakhala pansi kapena akakwera njinga. M'mphepete mwa misoko musokedwenso kuti ulusi usamayoyoke, ndipo misokoyo isitidwe isanapindidwe.

Mpendero ndiwo womalizira, ndipo uyezedwe mwini wake atavala nsapato zomwe azidzavalira thalauzayo. Belibotomu imayenera kuphimba nsapato koma osakwekwereza pansi, kotero thalauza yomwe ili kale yaifupi si yoyenera ntchitoyi.

Ogwira ntchito m'boma akumbukire kuti kutha kwa lamulo la 1973 kunachotsa mlandu wokha, koma kavalidwe ka mu ofesi kamatsatabe ndondomeko za pantchito. Omwe akuyesa koyamba ayambire pa thalauza yakale, ndipo ya suti ndi bwino kuipereka kwa telala wodziwa ntchito yake.